MPANDO WA PHUNGU NGWA YANI?



Chisankho cha pa 16 September, 2025 chinapita, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ya mipando 229 anadziwika. Ena mwa inu munasekera, ena munadandaula, ndipo umo ndi mmene chisankho chimakhalira. Koma chichokere tsiku lija pali mawu awiri amene akumveka m'madoko, m'misika ndi pa maliro, ndipo ife sitingathe kuwalekerera. Mawu oyamba ndi akuti, "Dera lino ndi kuchipinda kwa chipani chathu, a zipani zina asadzapondenso kuno." Mawu achiwiri ndi akuti, "Mpikisano ungodanitsa anthu. Ulendo wamawa akuluakulu angotisankhira munthu mmodzi, alowe popanda wolimbana naye."

Onena mawu amenewa ndi anzathu, anthu amene timakoka nawo khoka limodzi, amene timapemphera nawo m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Chifukwa chake tiwatsina khutu poyera, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Njira imene akuifunayo boma lino la Mangochi linaiyendapo kale, ndipo mtengo wake analipira ndi makolo athu. Amene waiwala abwere pafupi, tiwerenge pamodzi zotsatira za zisankho ziwiri, cha 1961 ndi cha 1964.

MMENE TINALOWERA M'NYUMBA YA KU ZOMBA

Tiyambire chaka cha 1956, pamene dziko lino linali Nyasaland ndipo boma lathu linali Fort Johnston. Chaka chimenecho Bungwe la Malamulo la ku Zomba linali ndi mipando isanu yokha ya anthu akuda, m'dziko la anthu oposa 2 miliyoni. Ngakhale asanuwo sanasankhidwe ndi anthu wamba ayi; anasankhidwa ndi mabungwe a zigawo, mmene munali mafumu ndi anthu ena owerengeka. Mmodzi wa iwo anali Henry Masauko Chipembere, amene kwawo kunali ku Malindi, mnyamata wa zaka 25 zokha.

Iye ndi mnzake Kanyama Chiume analibe mphamvu yosintha lamulo ngakhale limodzi, pakuti akaponya mavoti m'Nyumbamo Azungu ndiwo ankapambana. Koma anali ndi pakamwa. Ankaimirira pamaso pa Bwanamkubwa ndi kufunsa za Chitaganya chimene anatikakamiza mu 1953, za malimidwe amene anthu ankamangidwa nawo, za tsankho m'masitolo ndi m'maofesi. Buku lolembamo zokambidwa m'Nyumbamo, limene kale linkangotuwa ndi fumbi, linayamba kufunidwa ndi aliyense wodziwa kuwerenga. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tibwereranso kwa iyo: ufulu wathu unayamba kumveka kudzera mwa anthu otsutsa, amene anali ochepa m'Nyumba yodzaza ndi adani awo.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa. Dr. Kamuzu Banda anabwerera kumudzi pa 6 July, 1958. Pa 3 March, 1959 boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, linatseka Nyasaland African Congress, linamanga anthu oposa chikwi, ndipo Dr. Banda, Chipembere ndi Dunduzu Chisiza anatumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Anthu oposa 50 anaphedwa. Malawi Congress Party inabadwa m'chaka chomwecho, Orton Chirwa ali patsogolo. Dr. Banda anatuluka pa 1 April, 1960, ndipo pa msonkhano wa ku Lancaster House ku London anamvana ndi nduna Iain Macleod kuti kukhale chisankho.

ZOTSATIRA ZA 1961

Chisankho chimenecho chinachitika pa 15 August, 1961, ndipo malamulo ake anali okhota ngati mbedza. Ovota anagawidwa pa akaundula awiri. Kaundula wapamwamba, mmene munachuluka Azungu ndi Amwenye, anali ndi anthu oposa 4,000 pang'ono ndipo anapatsidwa mipando 8. Kaundula wapansi, wa anthu akuda, anali ndi anthu oposa 100,000 ndipo anapatsidwa mipando 20. Tiyeni tiwerengere ngati ana a sukulu pa bolodi. Kumwambako mpando umodzi unali wa anthu ngati 500, kunsiku mpando umodzi unali wa anthu oposa 5,000. Ndiko kunena kuti voti imodzi yakumwamba inali yolemera ngati mavoti khumi a kunsi.

Ndiponso kulowa pa kaundula wapansiyo sikunali kwa munthu aliyense. Ankafuna kuti munthu akhale wodziwa kulemba ndi kuwerenga, wokhala ndi chuma chakutichakuti kapena wokhoma msonkho zaka zambiri, kapena akhale mfumu kaya msilikali wakale. Mlovi wopalasa bwato la mwini wake, mayi wowamba utaka pa doko, nkhalamba imene inaphunzira ku madrasa koma osapondako ku sukulu ya mishoni, ambiri a iwowa anangoima kunja ndi kuyang'ana.

Koma taonani zimene anachita ochepa amene analoledwa aja. Pa anthu 100 alionse oyenera kuvota pa kaundula wapansi, pafupifupi 95 anapita kukaponya, ena atayenda usiku wonse pansi. Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, ndi mavoti 99 pa 100 alionse. Kumwamba inatengako mipando iwiri, ndipo Mzungu wina woima payekha, Colin Cameron, anapambana mothandizidwa ndi chipanicho. United Federal Party, chipani cha Sir Roy Welensky, inatsala ndi mipando isanu. Tsiku limenelo Chitaganya chinalasidwa pamtima, ndipo chinakafera pa 31 December, 1963.

Kuno kwathu nkhani inali yakeyake. Chipembere pa tsiku la chisankho anali m'ndende ya ku Zomba, atagamulidwa kumayambiriro kwa 1961 kuti akhale zaka zitatu chifukwa cha zolankhula zake pa misonkhano. Amene anapita ku Nyumba ya Malamulo m'malo mwake anali bambo ake, a Habil Chipembere, mbusa wa mpingo wa Anglican. Mwanayo atatuluka mu January 1963 analowa pa mpandowo nakhala nduna. Anthu a ku nyanja kuno ankadziwa amene akufuna, ndipo ndende inalephera kuwasokoneza.

Za chisankho cha 1961 tonse timanyadira, ndipo nkoyenera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'miyezi yokonzekera chisankhocho anthu a zipani zing'onozing'ono anaopsezedwa, ena anamenyedwa, ena nyumba zawo zinatenthedwa. Munthu akangofunsa funso lachilendo ankamutcha kapirikoni, ndiko kuti wogulitsa mtundu kwa Azungu. Zimenezi zinachitika pamene panalibe chifukwa nkomwe, pakuti chipani chopeza mavoti 99 pa 100 chikanapambana ngakhale otsutsa akanapatsidwa bwalo ndi ng'oma yomwe. Anthu anazolowera kuti kupambana sikukwanira, wogonjayo ayenera kusowa. Mbewu imeneyi inamera patapita zaka zitatu.

CHISANKHO CHOPANDA VOTI

Mu 1964 malamulo okhota aja anachoka. Kwa nthawi yoyamba munthu wamkulu aliyense, mwamuna ndi mkazi, wophunzira ndi wosaphunzira, wachuma ndi wosauka, analoledwa kuvota. Anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka analembetsa maina. Tsiku linaikidwa, la 28 April, 1964, ndipo mipando ya anthu wamba inali 50.

Kodi mudziwa mavoti angati anaponyedwa tsiku limenelo? Palibe ndi imodzi yomwe. Mipando yonse 50 inapita kwa anthu a Malawi Congress Party popanda wolimbana nawo, ndipo mipando itatu imene inasungidwira Azungu nayo inapita popanda mpikisano. Otsutsa anali atathawa kapena kukhala chete ndi mantha, makamaka Gilbert Pondeponde wa chipani cha Mbadwa ataphedwa mu December 1963. A Mboni za Yehova, amene anakana kulembetsa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, anamenyedwa ndi kuonongeredwa katundu. Ndipo maina a oimira chipani ankavomerezedwa ndi mtsogoleri mwini wake.

Tsono mlovi uja, mayi wowamba utaka uja, nkhalamba ya ku madrasa ija, amene anaima kunja mu 1961, anapatsidwa voti mu 1964 koma osapatsidwa bokosi loponyamo. Anthu anavina nati chipani chapambana mipando yonse. Ndi ochepa amene anaona kuti phungu wolowa popanda voti alibe ngongole kwa anthu a kwawo. Ngongole yake ili kwa amene analemba dzina lake pa pepala, ndipo amene analemba dzina angathenso kulifufuta.

ZIMENE ZINATIGWERA

Ufulu unadza pa 6 July, 1964. Isanathe miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Dr. Banda. Zina mwa zimene zinkadandaula zinali zokhudza ife anthu akumudzi, monga tiki imene anaika kuti munthu azilipira pa chipatala cha boma. Zina zinali za malipiro a antchito a boma, za kuchedwa kupatsa anthu akuda maudindo a Azungu, ndi za ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankapondereza abale athu a ku Mozambique. Pa 7 September Dr. Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo Chipembere, amene anali ku Canada, atafika anatulanso pa 9 September.

Nyumba ya Malamulo inakumana pa 8 ndi pa 9 September. Apa ndi pamene Nyumba ya anthu osankhidwa moona ikanaima pakati ndi kunena kuti, "Taimani, timve mbali zonse, nkhani ya tiki ija anthu a kwathu akuidandauladi." Koma aphungu olowa popanda voti anadziwa kumene kunachokera mipando yawo. Anaimirira mmodzimmodzi kutamanda mtsogoleri ndi kunyoza anzawo. Chisanathe chaka, malamulo anasinthidwa kuti phungu wochotsedwa m'chipani ataye mpando wake, ndi kuti boma lithe kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Motero phungu wa Fort Johnston East anachoka m'Nyumba, ndipo palibe anabwera ku Malindi kapena ku Lungwena kudzafunsa anthu ngati atopa naye.

Pamene pakamwa patsekedwa, manja ndiwo amalankhula. Chipembere analetsedwa kuchoka kwawo ku Malindi, kenaka anathawira m'mapiri. Usiku wa pa 12 February, 1965 iye ndi amuna ngati 200 analowa pa boma la Fort Johnston, natenga mfuti, nauyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo ulendo unathera pomwepo. Ife sitikuyamikira mfuti, pakuti pa chipwirikiti chimenecho panafa anthu osalakwa. Koma onani amene analipira. Asilikali ndi achinyamata a chipani anasakaza midzi, nyumba zinapsa, anthu anamangidwa chifukwa chongoganiziridwa kuti anapereka ufa kwa othawa. Medson Silombela anagwidwa ndipo ananyongedwa ku Zomba mu 1966 anthu oitanidwa akuonerera. Mu 1971 anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto, amuna, amayi ndi ana omwe, anatengedwa pa malole kupita ku Dzeleka. Chipembere anafera kutali, ku America, mu 1975.

Tifunse tsono: pa zaka zonsezo, ndi phungu uti amene anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufunsa za anthu a kwa Moto? Mu 1956, pansi pa Mzungu, munali anthu awiri atatu otha kufunsa. Pansi pa mbendera yathuyathu munalibe ndi mmodzi yemwe. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwa lamulo. Mu 1971 ndi mu 1976 aphungu analowanso popanda voti. Bokosi linaonekanso mu 1978, patapita zaka 17 chichokere 1961, ndipo ngakhale pamenepo kunali kusankha pakati pa anthu a chipani chimodzi chomwecho. Izi ndizo zipatso za mawu akuti "alowe popanda wolimbana naye."

TIYANKHE OTITSUTSA

Alipo adzati, "Masiku amenewo umodzi unali wofunika, pakuti mdani anali Welensky." Inde, mu 1961 mdani analipo, ndipo anagonjetsedwa ndi voti pa mpikisano. Koma pofika April 1964 Chitaganya chinali m'manda miyezi inayi. Umodzi wa 1964 unali wolimbana ndi yani? Unatsala wolimbana ndi Amalawi anzathu basi.

Ena adzati, "Otsutsa aja anali akapirikoni, sanayenere bwalo." Ngati analidi otero, bokosi likanawachititsa manyazi monga linachitira mu 1961. Munthu wodziwa kuti apambana satentha nyumba ya mnzake. Ndipo taonani kumene mawu onyoza aja anakathera. Chipembere yemweyo amene anagona ku Gwelo ndi ku Zomba chifukwa cha dziko lino, mu 1964 anatchedwa chigawenga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pano tiyenera kunena chinthu chimene ena a kunyanja kuno safuna kumva. Msampha umene unagwira nduna zija, izo zomwe zinathandiza kuutchera. Ndizo zinakweza mtsogoleri kufikira kumwamba, ndizo zinali pa msonkhano wa ku Nkhotakota mu 1960 pamene anamuika kukhala mtsogoleri wa chipani moyo wake wonse, ndipo Chipembere mwini wake anali ndi lilime lamoto pa otsutsa. Ankayesa kuti chikwapu chidzakhala chomenyera ena okha. Sitikunena izi pofuna kunyoza wakufa, pakuti dzina lake ndi lolemekezeka pakati pathu. Tikunena kuti ngati anthu anzeru ndi olimba mtima chotere anagwa m'mbuna yokumba okha, nanga ife ndife yani kuti tikumbe ina ndi kuyesa kuti tidzailumpha?

Enanso adzati, "Komatu nthawi ya chipani chimodzi kunali bata ndi chitukuko." Sitikana kuti misewu ndi sukulu zinamangidwa. Koma bata limenelo kafunseni kwa okalamba a kwa Moto. Pa manda palinso bata.

CHIPINDA CHOGONA

Pa 14 June, 1993 Amalawi anakana chipani chimodzi, ndipo pa 17 May, 1994 kunachitika chisankho cha zipani zambiri. Pa mipando 177, UDF inapeza 85, MCP 56, AFORD 36, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chinatsata chipani cha mwana wa kwawo. Kuno ku Mangochi UDF ndiyo inakolola. Kuyambira pamenepo tinayamba kumva kuti boma lakuti ndi kuchipinda kwa chipani chakuti, ndipo zipani zonse zili ndi mlandu umenewu, chilichonse kumene chili ndi mphamvu.

Taganizani bwino za mawu amenewa. Kuchipinda ndi kumene munthu amapita kukagona. Sapitako kukagwira ntchito, sapitako kukapempha, sagogoda pakhomo. Chipani chikadziwa kuti mavoti a dera lakuti ali kale m'thumba, chimapita kukatuluka thukuta kumene mavoti ali okayikitsa. Zipani zina nazo zimati, "Kumeneko n'kutaya nthawi," ndipo zikalowa m'boma zimatiiwala. Tsono dera lotchedwa chipinda limaluza kawiri. Mlatho wa pa Shire tinalandira m'nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo tikuthokoza. Koma a ku Makanjira atiuze kuti msewu wawo unalonjezedwa pa zisankho zingati, ndi amayi angati anachirira pa njira nthawi ya dzinja malonjezo ali m'kamwa mwa andale. Msodzi sataya nyambo pa nsomba imene ili kale m'bwato.

Pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi ndime 64, imene inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakugwira ntchito. Mu 1995 aphungu okhaokha anaichotsa ndimeyo. Khoswe anakhala pa mkhate. Chichokere pamenepo chikwapu chimene chinatsala m'manja mwa munthu wakumudzi ndi chimodzi chokha: mantha a phungu akuti pakatha zaka zisanu wina adzaima naye ndipo angathe kumugwetsa. Amene akuti tichotse mpikisano akutiuza kuti tithyole chikwapu chotsalacho ndi manja athu.

Ndipo chikwapu chimenechi chimagwira ntchito. Pa chisankho cha 2019, DPP inapeza mipando 62, MCP 55, UDF 10, koma anthu oima paokha anapambana mipando 55. Ena mwa iwo anali anthu amene zipani zawo zinawakankhira kunja pa zisankho zachipulula pofuna kuika okondedwa a akuluakulu, ndipo ovota anayankha pa bokosi. Pa 3 February, 2020 khothi linafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko chifukwa cha mapepala ofufutidwa ndi zolakwika zina. Kuno kwathu makhothi analamulanso kuti chisankho cha aphungu chibwerezedwe ku Mangochi West ndi ku Mangochi North East, ndipo anthu anavotanso mu November 2020. Kodi anapita ku khothi ndani? Anali ogonja, anthu amene anali ndi owayang'anira pa malo oponyera voti, ogwira mapepala a zotsatira m'manja. Mu 1964 kunalibe wogonja, motero kunalibe wodandaula. Wogonja ndi mlonda wa voti yanu, ngakhale simunamuvotere.

Tikudziwa kuti mpikisano uli ndi zowawa zake. Mtsogoleri wa dziko amafunika mavoti oposa theka, koma phungu amangofunika kuposa anzake, kotero kuti pakaima anthu khumi wina angathe kulowa ndi mavoti atatu pa khumi alionse. Tikudziwanso kuti nthawi ya misonkhano apachibale amaleka kupatsana moto. Koma mankhwala a zimenezi ndi kukumbutsa phungu kuti asanu ndi awiri aja amene sanamufune ndi anthu akenso, ndi kuphunzitsa ana athu kutsutsana popanda miyala. Mutu ukamapweteka saudula.

ZIMENE TIKUPEMPHA MAMEMBALA

Choyamba, bwalo la m'mudzi ndi la anthu onse. Chipani chilichonse chibwere, chilankhule, ife timve, tifunse mafunso, chipite mwamtendere. Mbendera ya mnzako usaitsitse. Inu anyamata, munthu akakupatsani kachasu ndi ndalama kuti mukabalalitse msonkhano, mufunseni chifukwa chake sanatume ana ake. Ake ali ku sukulu m'tauni. Ku polisi mukagona ndinu.

Chachiwiri, m'chipani chilichonse chimene muli, kanani dzina lobwera m'kalata kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Woimira dera asankhidwe ndi anthu a m'deralo, powerenga poyera, aliyense akuona. Akakuuzani kuti akuluakulu agwirizana kale, kumbukirani April 1964.

Chachitatu, tikupempha mwaulemu mafumu athu, kwa Mponda, kwa Makanjira, kwa Jalasi, kwa Nankumba, kwa Chimwala, kwa Chowe ndi konse, pamodzi ndi mashehe ndi abusa: inu ndinu m'dambo mozimira moto. Musalole kuti andale akusandutseni chitseko chotsekera anzawo. Phungu amabwera ndi kupita, koma ufumu ndi mudzi zimatsala.

Chachinayi, za mphatso. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti. Chitenje chimang'ambika chisanathe chaka, shuga amatha sabata imodzi, koma wogula voti amakhala pa mpando zaka zisanu, ndipo mukapita kukadandaula amayankha mumtima kuti anakulipirani kale.

Chachisanu, nthambi iliyonse ikhale ndi buku. Lembanimo zonse zimene phungu wanu analonjeza, tsiku ndi malo ndi amene analipo. Nyumba ya Malamulo ikatsekera, muitaneni adzakhale pansi pa mtengo ndipo mumufunse. Wanenapo chiyani za madoko amene atsekedwa ndi mipanda ya mahotela, kufikira msodzi kusowa pokocheza bwato ndi mayi kusowa potunga madzi? Wanenapo chiyani za chambo chimene chinatha m'nyanja ya Malombe, ndi za maukonde a maso aang'ono amene akukokolola ndi ana a nsomba omwe? Ndalama za chitukuko cha m'dera zapita pa ntchito ziti, ndipo anagwira ntchitozo ndani? Bwanji atsikana athu akusiyira sukulu pa njira, ndipo anyamata akuthera ku Joni? Mverani wailesi pamene Nyumba ikukumana, mumve ngati liwu lake likumveka. Safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chimodzi, inu amene munthu wanu anagonja mu 2025, musapinde manja. Phungu amene analowayo amalandira malipiro ochokera ku msonkho wanu, umene mumakhoma pogula sopo, mchere ndi mafuta a injini. Ndi wantchito wanu monga alili wa amene anamuvotera. Ndipo inu amene munthu wanu anapambana, musamuphimbe akalakwa, pakuti nduna za 1964 zinaphimba mpaka tsiku limene bulangete linawafunditsa iwo eni.

Chisankho china chikubwera mu 2030. Pa tsiku limenelo tikufuna kudzaona pepala lodzaza maina m'dera lililonse la boma lino, ndi mizere italiitali ya anthu monga ya pa 15 August, 1961, aliyense akulowa yekha ndi kusankha monga mtima wake wamuuza. Mpando wa phungu si wa chipani, si wa mtsogoleri, ndiponso si wa wokhalapoyo. Ngwa mlovi, ngwa mlimi, ngwa mayi wa pa doko, ndipo amaubwereketsa zaka zisanu zokha.

Werengani kalatayi pa msonkhano wa nthambi, ndipo odziwa kuwerenga awerengere osadziwa. Okalamba amene anaona za 1965 ndi 1971 akadalipo pakati pathu. Apatseni mpata alankhule, achinyamata amve kuchokera m'kamwa mwawo.

Ndife anu pa ntchito,
Mlembi wa Nthambi.